Mizere Itatu Imene Sindinatumize

Lolemba, 5 Meyi

Mzime waimba nthawi ya nkhomaliro. Mng'ono wanga, wotsiriza m'mimba mwathu, mawu ali m'mwamba. A kampani ina yaikulu ya magemu amuitana. Lachisanu la sabata yamawa akaonetse gemu yake ija ya Longedza pamaso pa mabwana awo. Akaikonda aiika patsamba lawo, iye amulemba ntchito zaka ziwiri. Aitana anthu asanu, atenga mmodzi.

Ndati ndakondwa, Mulungu ndi wabwino, wagwira ntchito mwana iwe. Pakamwa pokha. M'katimu ngati ndameza khala lamoto.

Ndabwerera pa desiki. Zithunzi makumi anayi zoti ndiike pa webusayiti ya sitolo ya abwana. Matailosi oyera, otuwa, oyererako. Zaka khumi ndi ziwiri ndikulemba khodi ya mapulogalamu a kompyuta, mathero ake matailosi a m'bafa.

Lachiwiri, 6 Meyi

Akuti tsogolo la magemu lili pa bulawuza, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti. Mzime wanditumizira kalata ya kampaniyo kuti ndiwerenge. Ati anthu atopa n'kudawuniloda, mafoni adzaza ndi zithunzi za maukwati, munthu akufuna kungodina linki n'kuyamba kusewera, kaya pa foni kaya pa kompyuta ya ku ofesi. Tsogolo akuti. Ndaseka ndekha mpaka wa pa kauntala kutembenuka.

Si zomwezi ndinkanena ine zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo? Magemu anayi ndinapanga, onse a pa bulawuza. Ndinayenda nawo m'maofesi, laputopu kumsana, nsapato kutha mbali imodzi. Bwana wina wa tayi wofiira sindidzamuiwala: "Mayi, zimenezi zinafa kalekale, pangani apu yodawuniloda." Ndinamvera. Apuyo sindinaimalize. Mimba ya mwana woyamba, lendi, kenako matailosi. Zakufa zija zadzuka lero, koma zadzukira kwa Mzime.

Mlandu wanga ndi umodzi, ndinafulumira kufika.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndasewera Longedza. Ndinalumbira kuti sindiitsegula, koma nsanje simvera malumbiro. Mabokosi akugwa kuchokera pamwamba, iwe uziwalongedza m'lole dalaivala asanalize hutala. Ukatumizira mnzako linki mumalongedza awiri lole imodzi. Ndi yokoma, ndisaname. Kadalaivala kaja katayang'ana wotchi n'kupukusa mutu, ndinaseka ndisanadzigwire.

Koma mafupa ake ndi anga. Khodi yoyendetsa nthawi ndi kagwedwe ka zinthu ndi ija ndinamupatsa pa fulashi ali ku koleji, ndinati tenga uphunzirirepo. Ngakhale mayina amene ndinkatcha zinthu m'katimo sanasinthe. Patsamba loyamba dzina lake lokha, zilembo zikuluzikulu.

Kenako izi. Abwana anandiitana, ndinasiya gemu ili chitsegulire n'kupita pa tabu ina, tsamba lina la bulawuza, kukawaonetsa mitengo ya matailosi. Mphindi khumi. Pobwerera, mabokosi onse a mphindi khumizo agwa kamodzi, sikirini yauma gwa. Nthendayo ndinaizindikira pomwepo. Ndi yanga. Tabu imene suikuyang'ana bulawuza imaigoneka, koma wotchi ya gemu imawerengabe, ndiye ukabwerera imafuna kuchita zonse zotsalira nthawi imodzi. Ine ndinakonza kalekale m'magemu anga, mizere itatu basi. Pa fulashi paja ndinamupatsa ndisanakonze.

Ndayesanso kawiri. Ukachoka mphindi ziwiri zitatu imangodzandira n'kupitiriza. Kupitirira zisanu, yafa. N'chifukwa chake sanaione, iye akatsegula gemu yake sayang'ana kwina.

Ndinatenga foni. Ndinaiikanso pansi. Mawa.

Loweruka, 10 Meyi

Mawa uja wadutsa. Kuchapa, kumsika, mwana chifuwa. Nthawi yoimba foni inalipo, ndisanamizire zochapa.

Ndatsegula magemu anga akale. Awiri sakuyendanso, mabulawuza anasintha. Imodzi ya nsomba ija ikuyenda, wosewera womaliza ndine ndemwe, zaka zinayi zapitazo. Ndaseweranso kuti isamve kutayidwa.

Lamlungu, 11 Meyi

Kwa amayi, tonse ndi mlamu, mwamuna wa Mzime. Amayi omwe aja, amene magemu anga ankati n'zibwana zongothera magetsi, lero magalasi pamphuno, foni ya Mzime m'manja, ali kalikiliki kulongedza mabokosi. "Koma mwana uyu ali ndi mutu," anatero kawiri. Ndinawerenga. Ine ndili pa sinki ndi mbale. Kenako kutembenukira kuno: "Iwenso wamkuluwe uzimuthandiza mng'ono wako, usamangoti ndwii."

Mzime anationetsa mmene adzachitire Lachisanu. Adzayamba n'kutsegula gemu, iye ndi mmodzi wa mabwanawo asewere pang'ono, aone okha kuti linki yokha yakwana. Kenako adzaisiya osatseka, apite pa tabu ya masilaidi, mphindi khumi ndi zisanu za manambala ndi tsogolo la bulawuza. Pomaliza abwerere: onani, lole yanu ikadali pompo, palibe chatayika. Ati pamenepo ndiye adzamuombere m'manja. Pokonzekera akungoyeseza masilaidi. Gemu ati ilibe vuto, mlamu waisewera mpaka zala kutupa.

Mphindi khumi ndi zisanu. Mawu anafika pakhosi, ndithu anafika. Nthawi yomweyo mlamu anafunsa ngati khodi yonse analemba yekha, Mzime n'kuti, "Ee, asisi anangondionetsa poyambira." Kungomuonetsa poyambira. Ndinameza mawu anga pamodzi ndi tiyi.



Lachiwiri, 13 Meyi

Mizere itatu ija ndailemba mu uthenga, dzina la fayilo, nambala ya mzere, ndi ndemanga yofotokoza zomwe. Sindinatumize. Uli pomwepo, dzina lake pamwamba.

Zifukwa ndili nazo zambiri, zonse zotchena bwino. Wakula, aphunzire kuyesa ntchito yake. Sanandifunse. Mwina sadzachedwa pa masilaidi. Mwina bulawuza ya kumeneko ndi yachifundo. Zoona zake n'zimodzi: ndikufuna tsiku limodzi lokha amayi aone kuti nayenso amapunthwa. Ndalemba, ndawerenga, n'zonyansa. Sindifufuta.

Bambo a kunyumba ndawauza theka. Ndati mu gemu ya Mzime muli kavuto. "Ndiye wamuuza?" Ndati ndimuuza. Anangobwerera kukasita malaya awo. Bola akanandikalipira.

Mwana nsapato zamuthina. Matailosi otuwa atha, abwana ati ndichotse chithunzi.

Lachitatu, 14 Meyi

Mzime wabwera kuntchito kwanga ndi majekete awiri, ndimusankhire lovala Lachisanu. Ndasankha labuluu, moona mtima, limamukhala. Pa za majekete ndine mkulu wabwino.

Anakhala pa bokosi la matailosi, miyendo akugwedeza monga ankachitira ali mwana tikudikira jekeseni. Akuopa. Lero ndi pamene wandiuza kuti ntchito yake yophunzitsa makompyuta anaisiya mwezi watha kuti amalize gemuyi. Amayi sakudziwa. Mlamu yekha ndiye akukoka pakhomo.

Potsazika: "Asisi, zikatheka ndidzawauza kuti kuli munthu wina woposa ine, akuwoneni." Wina akanalira ndi chisangalalo. Ine magazi anawira. Ine amene ndinamuphunzitsa kugwira mausi, ndikalowe pa chifundo chake, iye kutsogolo ine m'mbuyo ngati wonyamula chikwama.

Ndinamufunsa, wayesa zonse? Anati zonse. Ndinati chabwino. Ndiye kuti ndamuchenjeza, eti? Ndikuyesa kudzinamiza koma sizikugwira.

Lachinayi, 15 Meyi

Uthenga ukadali pomwepo. Ndautsegula kanayi. Ndawonjezamo chizindikiro chimodzi cha mpatuliro, ngati vuto lake linali limenelo.

Amayi aimba, ati tonse timupempherere. Ndati ameni. Mutu ukuwawa. Mawa 10 koloko.

Lachisanu, 16 Meyi

Foni inalira 10:40, ndili ndi kasitomala wofuna matailosi a kukhitchini. Mzime, akunong'ona, ali pakhonde la ofesi ya kampani ija. Gemu yauma pamaso pa onse, bwana wamkulu foni ili m'manja. Atsegulanso, yayenda, koma mmodzi wafunsa chimene chachitika, iye sakuchidziwa. Amupatsa mphindi khumi. Akapeza vuto abwerere, apo ayi alowe wina. "Asisi, ndithandizeni, sindikuona chilichonse."

Nsanje yonse ija balala. Kunatsala mwana wa amayi anga akulira pakhonde la eni. Sindinaganize n'komwe. Ndinati tsegula fayilo ya wotchi, mzere 212, ukachoka pa tabu nthawi imaunjikana, ndakutumizira pompano. Ndinadina. Uthenga wapita, wolembedwa bwinobwino, ndemanga ndi zonse.

Anati zikomo asisi, zikomo, n'kudula.

Kasitomala anatenga oyera. Ndikumupatsa lisiti m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Mzime sanandiuze n'komwe kuti zachitika pobwerera pa tabu. Sindinamufunse funso ngakhale limodzi. Vuto lotere munthu amalisaka tsiku lathunthu, ine masekondi makumi atatu, nditaima pakati pa matailosi, laputopu ili chitsekere pa desiki. Wina akanati asisi ndi katswiri. Koma Mzime ntchitoyi amaidziwa. Wokonza asanafunse ndiye kuti analiona kale.

Sanaimbenso. Inenso sindinaimbe.

Lolemba, 19 Meyi

Sanamutenge. Ndamva kwa amayi. Ati gemu anaikonda, ndipo anabwerera n'kukonza pamaso pawo, koma atenga wina. Akuti chinthu cha pa linki chikangouma kamodzi munthu amatseka, sabwereranso. Za kusiya ntchito zija amayi adziwa tsopano, mlamu anaulula. Amayiwo anandiimbira ali wefuwefu, kenako n'kuti, "Mwayi wake uli ndi iwe, ukanapanda kumuthandiza msanga akanachita manyazi aakulu." Andiyamikira. Zaka zonsezi ndikudikira mawu amenewo, afika lero, sakumezeka.

Ndinkati akapunthwa ndipepukidwa. Ayi ndithu. Ndikuchita manyazi ngakhale kuyang'ana mwana wanga akamadya.

Bambo a kunyumba sanafunse kanthu. Anangoti chibale n'fupa, sichiola. Sindikudziwa ngati amanditonthoza kapena amandikumbutsa.

Ndamuimbira Mzime Loweruka kawiri, dzulo katatu. Sakuyankha. Masana ano uthenga umodzi. Palibe moni, palibe asisi.

"Munalemba liti?"

Ndalemba kuti Lachisanu lomwelo. Ndafufuta. Ndalemba kuti ndinkafuna kukuuza koma. Ndafufuta. Ali pa intaneti, akuona ndikulemba n'kusiya, kulemba n'kusiya. Wa pa kauntala akundiitana, kwabwera lole ya matailosi otuwa, ndati adikire.

Ndalemba zoona. Lachiwiri, koma ndinadziwa kuyambira pa 8. Ndatumiza.

Wawerenga. Wayamba kulemba. Wasiya.