Chitsime Changa M'botolo la Taonga

Lachisanu, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima wandiwawa tsiku lonse.

Taonga, mdzukulu wanga wa giredi 8, wapambana mpikisano wa sayansi kusukulu kwawo. Anandikakamiza kupita, mpaka ndinavala jekete. Patebulo pake panali mabotolo awiri, lina la madzi a pampopi, lina la madzi a m'chitsime changa, chimene ndinakumba ndekha komboni yathu ino ya Kanyama ikadali tchire. Pabotolopo analemba kuti "Chitsime cha Ambuya". Aphunzitsi anamuthandiza kuyeza, akuti muli tizilombo tochokera m'chimbudzi. Anthu anaomba m'manja. Kuombera m'manja manyazi anga!

Amake Bwalya, amene akhala akutunga kwanga chibwerere m'komboni muno, anali pomwepo. Anandiyang'ana nati, "Kansi mutimwesa vamuchimbuzi, ba Phiri?" Madzulo ano sanabwere ndi chigubu chawo. Palibe ndi mmodzi yemwe wabwera.

Ndinamufunsa mwanayo chifukwa chake sanakatunge kwa ena. Akuti, "Ambuya, ni sayansi chabe, musakalipe." Chabe! Madzi omwewo ndi amene anamusambitsa ali khanda, ndipo atate ake anakulira omwewo. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma sindinaphepo munthu.

Tsopano akuti botololo lipita ku mpikisano wa chigawo, kumene kumabweranso a khonsolo. Amenewo akamva za chitsime sachedwa kudzakwirira. Taonga akufuna kutunga ena atsopano Lolemba, akuti akale aja akhalitsa. Ndaika loko pachivundikiro. Kiyi ili m'thumba mwanga, ndipo akangoyerekeza kubwera ndi botolo lakelo...