Mvula ya Lolemba ndi Lachinayi

Lolemba, 4 Ogasiti

Kunja kuli gwa, fumbi mpaka m'mano. Koma Magalasi, mnzanga wa m'kalasi ya masitazi, akuti kwagwa mvula. Waiona pakompyuta. Choyezera mvula cha dipatimenti yathu chalemba madzi pakati pa chilimwe, ndiye munthu wathamangira kwa Apulofesa ngati watola chikwama. Malo opita kumsonkhano wa zanyengo kunja kwa dziko ndi amodzi okha. Ife tilipo awiri. Ine miyezi yonseyi ndili mulabu kukanda matope a m'dambo, zikhadabo bii. Iye akwere ndege? Mtima ukuwawa, sindinama.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Akuti yagwanso m'mawa uno. Ndinatuluka kukadzionera. Choyezera chija sichili pakapinga paja. Okumba mapaipi anachisuntha n'kuchiimika pansi pa khonde la m'mwamba. Pakhondepo, maluwa a Asekilitale. Amathirira Lolemba ndi Lachinayi, mopanda kuumira, madzi chuu mpaka pansi.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Magalasi nyengo amaiphunzirira pampando, dzuwa amangolimva kwa anthu. Kumuuza? Ayi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Apulofesa akondwa. Akuti mwina ndi chinyezi chachilendo chobwera ndi kusintha kwa nyengo. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Ndinamuthandizanso Magalasi kujambula magirafu, ndinamusankhira buluu wokongola. Masana ndinawapatsa Asekilitale kamtengo ka duwa lomwa madzi ngati ng'ombe. Anandidalitsa.

Mkulu wanga pafoni, nditamufotokozera: "Iwe, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Iyeyo za sayansi akudziwapo chiyani?

Lolemba, 18 Ogasiti

Lachisanu sabata yamawa Magalasi afotokoza zomwe wapeza pamaso pa dipatimenti yonse, ulendo usanafike. Ine ndidzakhala kumbuyo, phee. Akadzamaliza, mkono m'mwamba. Kafunso kamodzi kokha: mvula yanuyi bwanji imadziwa masiku a ntchito? Ndayeserera pagalasi, nkhope ya munthu wosalakwa ikutheka bwino. Sutikesi ndaitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Apulofesa anandiitana. Magalasi alimo, manja kumbuyo ngati mwana wa kwaya. Akuti wasiya ulendo. "Achemwali awa andithandiza kwambiri, opita akhale iwowa," anatero. Dzina langa laikidwa poyamba papepala la kafukufuku wa mvula ija, ndipo latumizidwa kale kumsonkhano. Wofotokoza Lachisanu la sabata yamawa lija ndine.

Ndikanati chiyani? Kuti ndakhala ndikudziwa za maluwa kwa masabata awiri athunthu, n'kumasankha buluu? Ndinathokoza. Ndinamugwira ndi dzanja lomwe.

Amayi ndawauza za ndege yokha. Pofika madzulo azakhali onse adziwa, wina akufuna nsapato. Ndili ndi mantha.

Lolemba, 25 Ogasiti

Ndinalawirira kuti ndikabweze choyezera chija pakapinga, mwina ndinganene kuti mvulayo yasiya yokha. Ndangogwira chonchi, madontho pamutu. Kuyang'ana m'mwamba, Magalasi. Kheni m'manja, akuthirira duwa langa lija. Asekilitale pambali pake, akupukuta misozi ya phwete.

"Achemwali, sunthani pang'ono," anatero Magalasi, "mvula yanu ikubwera."

Kani Asekilitale anandiona tsiku lija ndikuseka pansi pa khonde lawo, ndipo anamufunsa Magalasi ngati mnzakeyu mutu ukuyenda bwino. Munthu anatuluka panja koyamba chaka chino, n'kudzionera yekha mvula yake asanandipatse ulendo.

Lachisanu Magalasi akuti akhala kutsogolo. Akuti ali ndi kafunso kamodzi kokha.