Bawuti limodzi lisandilanditse galimoto

Aphungu,

Kalatayi akulemba ndi mpongozi wanga, koma mawu ndi anga. Sukulu ndinalekera panjira, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo liwu ngakhale limodzi.

Ndili ndi zaka 74. Ndili ndi galimoto yakale yonyamulira katundu, imene inaphunzitsa ana anga onse asanu. Mwezi watha inayamba kugogoda kunsi ndikamasintha giya. Ndinadziwa kuti ndi shafiti yopita ku matayala akumbuyo. Ndinaikweza ndi jeke, n'kusanja njerwa, n'kulowa pansi ndekha monga ndachitira moyo wanga wonse. Mabawuti atatu a shafitiyo anamasuka. Lomaliza lagwira dzimbiri, latemetsa nkhwangwa pamwala.

Ndalinyowetsa ndi parafini. Ndalumikiza paipi ku sipanala mpaka mutu wa bawutilo watha makona, sipanala ikungoterereka. Zala zanga zasupuka.

Lamlungu mwana wanga wamkulu anandipeza ndili chagada pansi pa galimotoyo. Anandikoka miyendo ngati thumba, anansi akuona. Anati, "Bambo, chiphapha ichi chikuphani. Loweruka ndikubwera ndi wogula zitsulo zakutha." Ndinamuyankha kuti, "Chiphapha chimenechi ndicho chinakuveka nsapato. Ubwere naye, adzandikweze ndi ine pa sikelo."

Wowotcherera wa pakona akuti tingolidula. Ndakana. Ine chibadwire sindinadulepo bawuti. Chimene anamanga munthu, munthu amamasula. Kudula n'kwa alesi. Tsopano ndikuganiza zoliwotcha ndi makala mpaka lifiire. Ndiuzeni njira yolimasulira Loweruka lisanafike. Za kugulitsa musandiuze.

K.D.M.

Bambo K.D.M.,

Za kugulitsa sindikuuzani. Galimotoyo ndi yanu, ndipo munthu wongomva kugogoda n'kudziwa kuti ndi shafiti, mutu wake ukugwirabe ntchito. Koma pali pomwe mwaphonya.

Makalawo aiwaleni. Kunsiko kumadutsa mapaipi a petulo ndi a mabuleki, thanki ili pafupi, ndipo mwathirako kale parafini.

Yambani mwabwezera mabawuti awiri mwa atatu aja, muwamange. Panopa shafiti yonse yatsamira pa limodzilo, n'chifukwa china likuumirira. Palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, mupopere mafuta omasulira dzimbiri, aja amagulitsa m'masitolo a zida za galimoto, m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri. Sipanala yotsegula kukamwa isiyeni, ndiyo yadya makona. Pezani soketi, sipanala ija yovala mutu wonse wa bawuti, yocheperako pang'ono, muikhomere pamutupo ndi hamala. Potozani ngati mukumanga, pang'ono chabe, kenako mumasule. Musanachotse shafiti, lembani mzere ndi penti polumikizira pake kuti idzabwerere momwe inalili.

Likakanabe pofika Lachisanu, itanani wowotcherera uja alidule, si ulesi ayi. Bawuti lotha mutu simungalibwezerepo ngakhale litamasuka. Mukulimbana ndi kachitsulo kopita kudzala, pomwe galimoto yonse ikupita pa sikelo.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi njerwa zija. Zimaphwanyika osachenjeza, jeke nayenso amatha kutsika yekha. Komanso shafiti ikangochoka, giya sagwiranso matayala, galimoto ingathe kugubuduka. Bwerekani ku galaja zitsulo zoimikirapo galimoto, mutchinge matayala ndi matabwa ochindikala.

Mwana wanu analakwa kukukokani pamaso pa anthu, ndipo mumuuze osapsatira. Koma anakoka chifukwa cha mantha. Muitaneni Lachisanu, wazitsulo asanabwere. Mpatseni hamala, inu mugwire soketi. Munthu sagulitsa msanga galimoto imene wadetsera manja.

Mpaka zoimikirazo zitafika, musalowenso pansi pake, ngakhale kungosuzumira. Ikakugwerani, adzaigulitsa tsiku lotsatira maliro, ndipo palibe adzamuletse.

Aphungu