Gitala Yopanda Mizere

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku la 94 chigwereni akazi anga ndi sitiroko. Chakudya: theka la mbale. Dzanja lamanja: lolemerabe. Mawu olankhulidwa: palibe.

Namwino wowaphunzitsa kulankhula wati nthawi zina nyimbo imalowa pamene mawu akanika. Akazi angawa anaimba kwaya zaka makumi atatu. Ine sindinaimbepo ngakhale posamba. Ndayesa wailesi, atembenukira kukhoma. Ndatsimikiza kupanga gitala ndekha. Ikhale yamagetsi, pakuti khutu lawo limodzi linagontha.

Loweruka, 8 Malichi

Thabwa: chitseko cha kabati ya mafayilo yomwe anandipatsa popuma ntchito. Alamu, okonza mawailesi, akulunga waya wamkuwa pa maginito maulendo zikwi zisanu. Ndimawerenga ndine. Alamuwo anati, "Inu alamu, mudzawerenga ndi misomali ya bokosi lanu lomwe." Sindinaseke.

Tizitsulo todutsa pakhosi pa gitala, tosonyeza poika chala, sitikupezeka. Kalipentala wati khosi likhale losalala chomwecho. Sindikukondwa nazo. Kaundula wopanda mizere sindinamuonepo.

Lachitatu, 19 Malichi

Yatha. Nsambo zisanu ndi imodzi, sipika ya wailesi yakale. Ikulira.

Ndawerengera malo a liwu lililonse, ndi kulemba mizere khumi ndi iwiri ya pensulo pakhosi, mpaka pa milimita. Masamu ndawabwereza kawiri.

Lachitatu, 2 Epulo

Kuphunzira: 9 mpaka 10 m'mawa, 3 mpaka 4 masana. Matuza pa zala zitatu. Mayi oyandikana nafe afunsa pa mpanda ngati mphaka wathu akudwala. Tilibe mphaka.

Lolemba, 14 Epulo

Ndawaimbira akazi anga koyamba nyimbo imene ankaimba akamasita malaya anga. Chala chilichonse pa mzere wake, popanda kuphonya. Anayang'ana kudenga, kenaka anatseka maso.

Mwana wathu wamkazi pa foni: wapeza malo ku nyumba yosamalira odwala, kuyambira Juni, ngati palibe kusintha. Anati, "Bambo, nokha simungathe. Mugwa nonse awiri." Mfundo zake n'zomveka. Ndapempha andidikire mpaka pa 31 Meyi.

Bedi lawo sindilichotsa m'chipinda chino.

Lachiwiri, 6 Meyi

Masabata atatu osalemba. Panalibe cholemba.

Magalasi anga athyoka, ali kokonza mpaka Lachisanu. Mizere sindikuiona. Komabe ndondomeko ndi ndondomeko: 3 koloko ndinaimba, mongopapasa. Chala chimatsetsereka, kukwera, kutsika, kufikira khutu litavomera. Ntchito yosalongosoka.

Pa ndime yachiwiri akazi anga anatulutsa liwu la m'mphuno, lotsatira nyimbo. Masekondi ngati anayi. Ndinafunika kukhala pansi, ngakhale kuti ndinali nditakhala kale.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndaitana alamu adzayese khosi ndi tepi. Cholakwa chapezeka. Utali wa nsambo ndinauyesa kufika pa sikuluu yogwira chitsulo chakumapeto, osati pamene nsambo imatsamira. Kusiyana: mamilimita khumi ndi awiri. Choncho mizere yonse ili pamalo olakwika, ndipo masamu ndinabwereza kawiri aja anali olondola pa nambala yabodza.

Alamu anati, "Mizere yanu njowongoka bwino, alamu. Kungoti mwalima m'munda mwa eni."

Zaka 36 mu ofesi ya kaundula, popanda kalata yondidzudzula. Masabata atatu ndakhala ndikuimbira mayi wa kwaya mawu ophotchoka, iwo alibe pakamwa pondiletsera.

Lachisanu, 9 Meyi

Magalasi abwera. Ndinaganiza zoyamba ndawerengera mizere yatsopano, koma 3 koloko inakwana ndisanatero. Poimba, maso anabwerera okha ku mizere yakale, chala n'kutsatira.

Nthawi: 3:20. Mutu unatembenuka pa pilo. Mlomo wa mbali imodzi, pang'onopang'ono, koma momveka:

"Ayi. Kwezani, a Kalaliki."

Dzina limenelo anandipatsa tisanakwatirane, pondiseka kuti ndinkalemba deti pa makalata achikondi. Ndinakweza chala. Anagwedeza mutu movomera.

Mizere ndaipala ndi sandipepa, yonse khumi ndi iwiri. Ina sindilemba.

Tsiku la 161. Chakudya: theka la mbale. Mawu olankhulidwa: atatu. Mwana ndimuimbira foni ndikangomaliza ku

Akuitananso.