Anafukiza Lubani Ndani?

Mudzi wa Shaling,
Chigawo cha Shanxi,
23 Novembala 1908.

Okondedwa mng'ono wanga Baolin,

Ndikuthokoza Mulungu kuti wamalonda wa ubweya amene wakupatsira kalatayi anandiuza kuti uli moyo, ndipo akuti wanenepa ndi ntchito ya njanji ku Harbin kumeneko. Zonenepazo sindikukhulupirira, poti iwe ngakhale udye mbale zitatu umaoneka ngati wagona ndi njala. Kuno tili bwino. Mapira takolola okwanira, bulu wathu adakali ndi mwano wake uja, ndipo amayi akuyendabe ngakhale maso awo achita ng'ala.

Papita zaka zisanu ndisanakulembere. Ndinkauza anthu kuti sindidziwa kumene uli, koma linali bodza. Ndikagwira cholembera ndinkachiikanso pansi. Chonde, usaing'ambe kalatayi usanafike kumapeto.

Mwezi uno kunabwera mlaliki wochokera kumpoto kwanuko, a Pei, munthu wamfupi wosadziwa n'kukweza mawu komwe. Mbiri inali itafika kale yoti kumene iwo adutsa, mipingo ikulira ndi kuulula machimo poyera. Ine ndinaseka. Ndinauza mlamu wako kuti, "Alire a ku Manchuria omwewo. Ife a ku Shanxi tinaleredwa ndi viniga, msozi sutuluka wamba."

Iye anangoti, "Tiona, aphunzitsi." Ukudziwa kuti akanditchula aphunzitsi m'nyumba ndiye kuti akundinyogodola.

Masiku atatu oyamba anthu ankangotsokomola ndi kuyang'ana kudenga. Tsiku lachinayi zinayamba. A Kang a kuchigayo anaimirira n'kuulula kuti amasakaniza ufa wa nyemba mu ufa wa tirigu. Dikoni wina, dzina ndisatchule, anatulutsa kaliwo wosutira mankhwala ozunguza bongo a opiyamu m'malaya n'kumuthyola pamaso pathu. Mtsikana wina anati amalavulira m'tiyi wa apongozi ake, apongoziwo ali pambali pake pomwepo. Anthu ankalira mpaka pansi kunyowa. Ine ndinali kutsogolo, buku la nyimbo m'manja, ndikugwedeza mutu ngati womvera anzake chisoni. Mumtima ndinkangoti, bola sabatayi ithe.

Chimene ndinkaopa ukuchidziwa, koma ndikufuna chilembedwe ndi dzanja langa. Chaka cha 1900, achiwembu ovala malamba ofiira atayamba kusaka Akhristu, kunalengezedwa kuti banja lofuna kupulumuka lipite kukachisi wa m'mudzi, likafukize lubani, lilandire chikalata chomata pachitseko chosonyeza kuti lasiya chipembedzo cha alendo. Ndinapita ndine. Ndinayatsa timitengo titatu ta lubani, ndinagunditsa mphumi pansi, ndinabwera nacho chikalatacho. Achiwembu aja anailambalala nyumba yathu n'kukalowa kwa a Duan, amene anakana kufukiza, ndipo anawaphera pabwalo pawo pomwe. Patatha chaka, akulu a mpingo atafunsa kuti pabanja lathu la a Geng anafukiza ndani, ine mlaliki ndinayang'ana nsapato zanga. Iwe, usanakwanitse n'zaka makumi awiri zomwe, unati, "Ndine." Anakuchotsa pa Mgonero, anakukhazika pabenchi la kukhomo, ndipo mayi Duan, mkazi wa malemu aja, anathetsa chitomero chako ndi mwana wawo Xiulan. Unapirira nyengo ziwiri za chisanu, kenako unamanga katundu. Ine ndinapitiriza kulalikira za kulimba mtima mpaka imfa, anthu n'kumati aphunzitsi Geng ali ndi mphatso.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi la misonkhanoyi mayi Duan anaimirira. Ndi timapazi tawo tija tomangidwa ndi nsalu kuyambira ali mwana, anadutsa chotchinga cholekanitsa amayi ndi abambo, chinthu chimene palibe mzimayi anachitapo, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga.

"Aphunzitsi," anatero, "mng'ono wanu kulibe, ndiye ndigwadira inu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndamuda mwana uja. Ndikamadutsa pabenchi lake ndinkalavula. Chisanu chikafika ndinkapemphera kuti chimuumitse kumpotoko. Anali mwana, anachita mantha, nanga ndani sanachite mantha chaka chimene chija? Mumulembere kuti ndalapa. Inu ndinu munthu woyera mtima, ndikhululukireni m'malo mwake."

Anagunditsa mphumi pansi, pafupi ndi mapazi anga.

Baolin, mawu oti "Dzukani mayi, Mulungu wakukhululukirani" anali atafika kale pamlomo. Ndikanawanena bwinobwino, monga ndakhala ndikunenera zinthu zambiri. Koma sindinawanene. Ndinangozindikira ndili pansi, ndikufuula ngati mwana wopsa ndi moto: "Si Baolin! Ndine! Ndinafukiza ndine!"

Ndinanena zonse, kuyambira pa timitengo titatu tija mpaka tsiku limene ndinakuperekeza kumsewu n'kukuuza kuti ukakhale munthu wopemphera. Inde, ndi limenelo lomwe ndinaulula, ndipo ndi limene linandiwawa koposa.

Mayi Duan anaweramuka. Kenako anandiwomba khofi loti pha, mpaka khutu kulira.

"Galu iwe!" anakuwa. "Wandidanitsa ndi mwana wosalakwa zaka zonsezi, iwe uli kutsogoloku ukutigawira mkate wa Ambuye ndi manja omwewo!" Atatero anayang'ana chikhatho chawo n'kuti, "Taonani tsono, ndangolapa kumene, ndachimwanso."

Ena anaseka misozi ili mbwembwembwe. A Pei anayambitsa nyimbo, koma palibe amene anaitsiriza. Tsiku limenelo mayiwo sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinawapemphe. Patapita masiku awiri anaima pachipata chathu, osalowa, n'kundiitana.

"Iwe Baoshan! Ndikuyesetsa. Usandifulumizitse."

Ndinawayankha kuti ndidikira ngakhale zaka zisanu ndi ziwiri zina.

Koma za amayi athu ndiye sudzakhulupirira. Iwo sanali m'tchalitchi tsiku la khofi lija chifukwa cha chifuwa. Nditafika kunyumba ndinawapeza atakhala pakama wathu wa njerwa, ndipo ndinagwada kuti ndiwauze. Anandidula ndisanafike patali.

"Malaya ako tsiku lija ananunkha lubani. Ukuganiza kuti anachapa ndani? Ndinasankha mwana mmodzi n'kutaya mnzake. Ndinkati wamng'ono sachedwa kuiwala."

M'mawa mwake anati ndiwabereke mpaka kutchalitchi, ndipo anakanena okha mawu omwewo pamaso pa mpingo wonse.

Akulu a mpingo anakhala pansi. Andichotsa pa ulaliki ndi pa Mgonero kwa zaka zitatu, ndipo dzina lako alibwezera pamalo pake. Akulembera okha kalata yopepesa, poti nawonso akuti anaweruza osafunsitsa. Tsopano ndikuthandiza a Kang kuchigayo. Akuti anthu awiri ochita manyazi amagwira ntchito mwachangu chifukwa sacheza.

Lamlungu lapitali ndinakhala pabenchi lako. Sindinkadziwa kuti kunsi kwa chitseko chija kuli mpata. Mphepo imalowa ngati mpeni, mapazi amafa ulaliki usanafike pakati, ndipo aliyense wolowa amayamba waona iwe asanaone guwa. Nyengo ziwiri za chisanu unakhala pamenepo, kunyumba n'kumadya nane mbale imodzi, osadandaula ngakhale kamodzi. Ndinalira, mng'ono wanga, ine wa viniga yemwe uja. Komabe ndikuuze zoona: pabenchi limenelo ndinaimba nyimbo ndi pakhosi potseguka, zimene ndinaziiwala kalekale. Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandisiye ndife ndili munthu wolemekezeka. Ndikuthokoza chifukwa cha a Pei, chifukwa cha khofi la mayi Duan, ndi chifukwa cha mphepo ya pakhomo ija.

Pali chimene sindingakubwezere. Xiulan anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje ndipo ali ndi ana awiri. Pa ichi ndilibe mawu, ndipo sindiyesa kuwafuna.

Pali chinanso chimene sindinakuuzepo, ndipo n'chamanyazi kuti chatenga nthawi yonseyi. Zikomo. Ana anga atatu akula osalozedwa chala chifukwa cha iwe. Ine ndinadya, ndinavala, ndinapatsidwa mpando wakutsogolo pamaukwati chifukwa cha iwe. Sunandikumbutsepo ngakhale ndi diso. Zikomo, Baolin.

Tsono ndili ndi pempho. Bwera pa Chaka Chatsopano. Sindikulamula ngati mkulu wako, mphamvu imeneyo ndinaitaya ndekha. Ngati sungathe kuona nkhope yanga, ndikakhala kwa apongozi masiku onse amene udzakhale kuno, ndipo ukudziwa kuti kwa ine chimenecho ndi chilango chokwanira. Ngati ulendo ungavute, lemba. Ngakhale zikhale zotukwana zokhazokha, ndidzawawerengera amayi mokweza osadumpha liwu.

Mlamu wako akupereka moni. Wakusokera nsapato za thonje, ndipo waikamo masau ofiira ouma a mumtengo wa kuseri kwa nyumba. Ana akupereka moni kwa bambo awo aang'ono. Ndawauza ndekha chimene unachita, ndipo wamkulu sanandilankhule masiku atatu. Mayi Duan akuti ndikuuze kuti tsopano akupempherera kuti kumpotoko kufunde. Mpingo wonse ukupereka moni, ndipo malo ako pa Mgonero akukudikira. Ine ndidzakuonera ndili kukhomo, ndipo ndidzakondwa.

Amayi akuti ndilembe mawu awo mmene awanenera, osakometsera: "Umuuze kuti maso anga atsala pang'ono kutseka, koma manja akadali bwino. Abwere ndidzamugwire nkhope. Akafuna kundikalipira adzandikalipire ali pafupi."

Ambuye akusunge, mng'ono wanga.

Ndine mkulu wako, amene anafukiza lubani,

Geng Baoshan.