Musasunthe Kanthu Patebulo

Mayi a ana,

Pepani, mpopi uja sindinakonze. Achimwene anu anabwera ndi masewera awo a nkhondo aja, a tindege ndi tisitima ta patebulo. Ndinatumiza ndege zanga zisanu kukaphulitsa doko lawo, ndikudzitama. Iwo anangomiza sitima yanga imodzi, ija ndege zimaterapo. Kenako akuti, "Alamu, pobwera zitera pati?" Lamulo lake n'lakuti ndege yosowa potera imagwera m'nyanja. Zisanu zonse zapita osaomberedwa n'kamodzi komwe!

Ndawaperekeza kokwerera basi kuti andifotokozere za sitima zapansi pa madzi. Chonde musasunthe kanthu patebulo, tidyera pansi. Posesa samalani, ndege imodzi yagwera kunsi kwa sofa. Ndiyo yokha yapeza potera.

Mwamuna wanu wogonja