Amalume Anditayira Manyowa a Tomato

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chileka tilipo, mwendo wa amayi wasiya kutupa, koma ine mtima ukundiwawa kwambiri.

Nkhani yake ndi ya mgolo wopukusa uja munandipangitsira kwa owotcherera, wowoletsera manyowa. Kwa masabata asanu ndakhala ndikuthiramo makoko a nthochi, masamba ouma ndi zitosi za nkhuku, n'kumaupukusa kasanu m'mawa uliwonse osaphonya. Manyowawo anali atada bwino, akununkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Panangotsala sabata imodzi kuti ndiwathire m'mapando a tomato.

Lachiwiri ndili kumsika, amalume a ku Lirangwe anabwera ndi matumba awiri a chimanga pa kabaza. Anakhuthulira manyowa onse kudzala, n'kuunjikapo mapesi, n'kuyatsa. Kenako anayamba kusakanizira chimanga chawo ndi mankhwala a anankafumbwe mumgolomo! Nditawafunsa, anati, "Iwe Esnati, makina abwinobwino ngati awa ukusungiramo zinyalala? Undithokoze, ndakuyeretsera."

Achimwene, ndikanawayankha bwanji amalume? Tomato wafika powokera, manyowa ndilibe. Mgolowo ndautsuka katatu, fungo la mankhwala silikuchoka, ndipo ndikuopa kuti zinthu sizidzawolanso mmenemo.

Chonde muwaimbire foni, inu amakumverani. Akuti abweranso Loweruka ndi matumba ena anayi. Muwauze asavutike ndi ulendo, chifukwa pamgolopo ndaikapo loko, kiyi ndamangirira pachitenje.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esnati